Kagwiridwe ka ntchito kakusintha: olemba ntchito awerengere bwanji anthu a mawa?

Mu Julayi 2022 akuluakulu a bwalo la ndege la Heathrow ku London analengeza kuti salola anthu oposa 100,000 kunyamukira pabwalopo pa tsiku, ndipo anapempha makampani a ndege kuti aleke kugulitsa matikiti ena a miyezi imeneyo. Ndege zinalipo, mafuta analipo, apaulendo anali mbwee, matikiti ali m'manja. Chimene chinasowa ndi anthu onyamula katundu, oona zachitetezo ndi olandira apaulendo. Ku Schiphol, bwalo la ku Amsterdam, mizere inkatulukira mpaka panja. Zaka ziwiri m'mbuyomo, mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo, makampani ogwira ntchito m'mabwalowa anachotsa antchito ambirimbiri. Maulendo atayambiranso, anthu aja anali atapeza kale zochita kwina, ndipo olowa m'malo mwawo sakanayamba m'mawa mwake. Munthu wogwira ntchito mkati mwa bwalo la ndege amafunika afufuzidwe mbiri yake, apatsidwe chiphaso, aphunzitsidwe, ndipo zonsezi zimadya milungu yambiri, nthawi zina miyezi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse yolinganiza antchito. Zofuna za makasitomala zimatha kutembenuka m'mwezi umodzi, pulogalamu yatsopano ya pakompyuta imafalikira m'milungu yochepa, koma munthu wodziwa ntchito sapezeka mwachangu chotero. Pali nthawi yomwe imadutsa kuchokera tsiku limene bwana wazindikira kuti akusowa munthu, kufikira tsiku limene munthuyo wakhazikika n'kumagwira ntchito popanda womuimirira kumbuyo. Ine ndimaona kuti zambiri zimene zikukambidwa masiku ano, kaya ndi zogwirira ntchito kunyumba, kaya za AI (mapulogalamu a pakompyuta otsanzira nzeru za munthu), kaya za madigiri, zimamveka bwino munthu akaziyeza ndi nthawi imeneyi.

Tiyerekeze chipatala chili ndi anamwino 200. Woyang'anira antchito akatsegula mabuku akupeza kuti 12 apuma pa ntchito m'zaka ziwiri zikubwerazi, kuti chaka chilichonse pafupifupi 20 amasiya okha, ndiponso kuti akuluakulu akufuna kutsegula wodi yatsopano ya odwala impso. Kuwerenga mitu n'kosavuta. Chovuta n'choti mwa 12 opumawo, atatu ndi okhawo odziwa bwino makina osefa magazi, ndipo namwino wongomaliza kumene sukulu sangawazolowere m'mwezi umodzi. Woyang'anirayo angathe kuphunzitsa ena mwa omwe alipo, angathe kulemba odziwa kale kuchokera kwina ngakhale ndi odula, angathe kubwereka a kontirakiti, kapena kupempha opumawo kuti atsalire kwa maola ochepa pa mlungu uku akuphunzitsa anzawo. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake ndi nthawi yake. Kale mawerengero oterewa ankatsamira pa zaka zam'mbuyo: ngati chaka chatha anasiya 20, chaka chino asiyanso pafupifupi chimodzimodzi. Chikhulupiriro chimenechi ndi chomwe chagwedezeka kuyambira 2020.

Tiyambe ndi kumene ntchito imagwiridwira. Mliri usanabwere n'komwe, katswiri wa zachuma Nicholas Bloom wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake anachita kafukufuku pa kampani ya zaulendo ya ku China yotchedwa Ctrip. Antchito oyankha mafoni a makasitomala ku Shanghai anagawidwa mwa mayere, ena azigwirira kunyumba, ena ku ofesi, kwa miyezi 9. A kunyumba anagwira ntchito yochuluka ndi 13 peresenti, ndipo osiya ntchito pakati pawo anachepa ndi theka. Koma pali mbali ina yomwe ambiri amaidumpha akamatchula kafukufukuyu. A kunyumbawo sankakwezedwa udindo mofanana ndi anzawo a ku ofesi, ndipo atapatsidwa ufulu wosankha, pafupifupi theka anabwerera ku ofesi, ambiri podandaula za kusungulumwa. Kafukufuku wina pa kampani yomweyo, yomwe tsopano imatchedwa Trip.com, anatuluka m'magazini ya Nature mu 2024. Ulendo uno anaona anthu 1,612, ena mwa iwo akugwirira kunyumba masiku awiri pa mlungu. Osiya ntchito anachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo pa kakhozedwe ka ntchito ndi kukwezedwa udindo panalibe kusiyana.

Kwa wolemba ntchito, tanthauzo lake n'loti malo ogwirira ntchito alowa m'gulu la malipiro. Mayi wolera ana aang'ono kapena bambo wotaya maola atatu pamsewu tsiku lililonse amatha kukana ndalama zochulukirapo n'kusankha kampani yomulola kutsala kunyumba masiku awiri. Nalonso dera losakako anthu lakula. Ntchito yomwe inkafunsiridwa ndi okhala mumzinda umodzi lero ikhoza kufunsiridwa ndi anthu a m'mayiko khumi. Kukulaku kumabwera ndi mafunso omwe kale kunalibe. Munthuyo alipidwe molingana ndi kumene akukhala kapena kumene kuli likulu? Msonkho wake upite ku boma liti? Akadwala kapena akachotsedwa, limuteteze ndi lamulo la dziko liti? Ndipo mpikisano uli mbali zonse ziwiri. Kampani yaing'ono yomwe inkasunga katswiri wake wa makompyuta chifukwa choti analibe kwina kolowera, lero ikulimbirana munthuyo ndi kampani ya kutsidya kwa nyanja komwe iye sadzapondako n'komwe.

Makampani ena abwerera m'mbuyo. Mu Seputembala 2024 mkulu wa kampani yogulitsa malonda pa intaneti ya Amazon, Andy Jassy, anauza antchito a m'maofesi kuti kuyambira Januwale 2025 azibwera masiku onse asanu. Zifukwa zake sizachabe: ongoyamba kumene amaphunzira zambiri pomvetsera m'mene achikulire akuyankhulira ndi kasitomala wokwiya, zomwe pa misonkhano ya pa intaneti ya Zoom sizioneka. Koma lamulo lotere ndi chisankho chokhudzanso amene atsale ndi amene achoke, ndipo oyamba kutuluka pakhomo amakhala aja amene makampani ena akuwafuna kale. Tisaiwalenso kuti mkangano wonsewu ndi wa anthu ochepa. Bungwe loona za antchito pa dziko lonse la ILO linawerengera mu 2020 kuti pa dziko lonse, pafupifupi 18 peresenti yokha ya antchito ndi omwe ntchito zawo zingatheke kunyumba. Namwino, dalaivala, wowotcherera zitsulo ndi wophika sangatengere ntchito kunyumba. M'kampani imodzi momwemo, wa ku akaunti akamagwira ali pakhonde pake pamene wa ku fakitale akudzuka mbandakucha, nsanje imabuka, ndipo wolinganiza antchito wanzeru amafunafuna chowapatsa enawa, monga ufulu wosinthana mashifiti kapena kudziwiratu ndandanda ya mwezi wonse.

Mu Novembala 2021 mokha, anthu pafupifupi 4.5 miliyoni ku United States anasiya ntchito mwa kufuna kwawo. Ambiri sanapite kukakhala pansi, anangosamukira kumene kunali malipiro abwino. Vutoli si lachilendo. Mu 1913, pa fakitale ya magalimoto ya Henry Ford ku Highland Park, ku United States komweko, anthu ankathawa ntchito ya pa mzere wa makina moti kuti pakhale antchito pafupifupi 14,000, kampani inalemba oposa 50,000 m'chaka chimodzi. Mu Januwale 1914 Ford anakweza malipiro kufika madola 5 pa tsiku, kuposa kuwirikiza kawiri, n'kuchepetsa maola kuchoka pa 9 kufika pa 8. Sichinali chifundo chokha. Anawerengera n'kuona kuti kuphunzitsa anthu atsopano mlungu uliwonse kunkamudyera ndalama zambiri. Mtengo wa munthu wosiya ntchito suoneka pamzere umodzi m'bajeti, n'chifukwa chake mabwana ambiri amaupeputsa. Umabisala m'ndalama zolengezera ntchito, m'maola amene akuluakulu amathera pa intavyu, m'miyezi imene mpando uli wopanda munthu anzake akusenza katundu wake, m'zolakwitsa za watsopano, komanso m'makasitomala omwe ankadziwana ndi wochokayo.

Chinsinsi cha malipiro nachonso chikutha. Boma la Colorado, chigawo cha ku United States, linayamba mu 2021 kukakamiza olemba ntchito kutchula malipiro polengeza ntchito, mzinda wa New York unatsatira mu Novembala 2022, ndipo European Union inakhazikitsa lamulo lake mu 2023, n'kupatsa mayiko ake mpaka Juni 2026 kuti alilowetse m'malamulo awo. Chilengezo chotere sichiwerengedwa ndi ofuna ntchito okha. Amene wagwira zaka 8 pa desiki yomweyo amachionanso, n'kupeza kuti mlendo akulonjezedwa zoposa zake. Kampani yomwe ikukonza zolemba anthu 10 iyenera kuwerengeranso ndalama zokonzera malipiro a 100 omwe ali kale mkati.

Kulakwitsa kwina ndi kosemphana ndi kwa mabwalo a ndege aja. Makampani a zamakompyuta ataona anthu onse ali pa intaneti nthawi ya mliri, anaganiza kuti zikhala choncho mpaka kalekale. Meta, mwini wake wa Facebook, inali ndi antchito pafupifupi 45,000 kumapeto kwa 2019, ndipo pofika Seputembala 2022 anali atapitirira 87,000. Mu Novembala chaka chomwecho inachotsa 11,000, mkulu wake Mark Zuckerberg akuvomera kuti anayembekeza kuti kukwera kwa malonda a pa intaneti kupitirira, koma sizinatero. Mu Malichi 2023 inalengeza zochotsanso 10,000. Google inachotsa 12,000 ndipo Microsoft 10,000 mu Januwale 2023. Ena anaona kugwa kwa kanthawi n'kukuyesa kwamuyaya, ena anaona kukwera kwa kanthawi n'kukuyesanso kwamuyaya. Zimandiwawa kuti mbali zonse ziwiri, olipira kulakwitsako sanali amene anawerengera molakwika, koma anthu omwe anasamutsa mabanja awo potsatira kalata ya ntchito. N'chifukwa chake olinganiza antchito ambiri tsopano sakonza dongosolo limodzi. Amakonza atatu kapena anayi: malonda akakwera tichita chakuti, akaima chakuti, akatsika chakuti, ndipo amagwirizaniratu zizindikiro zomwe ziwauze kuti alowa njira iti.

Pa nkhani ya madigiri, zoyankhula zachuluka kuposa zochita. Boma la Maryland, chigawo cha ku United States, linachotsa digiri pa zofunika za ntchito zambiri za boma mu 2022, ndipo mu Januwale 2023 bwanamkubwa wa chigawo china cha Pennsylvania, Josh Shapiro, anachita chimodzimodzi pa 92 peresenti ya ntchito za boma lake. Kampani ya makompyuta ya IBM inali itayamba kale kulemba anthu poona luso osati pepala. Ganizo lake ndi labwino, chifukwa limatsegulira khomo anthu odziwa ntchito omwe analibe mwayi wa yunivesite. Koma kafukufuku wa sukulu ya zamalonda ya Harvard Business School ndi bungwe lofufuza za ntchito la Burning Glass Institute mu 2024 anapeza kuti kusinthaku kunakhudza osakwana munthu mmodzi pa 700 aliwonse olembedwa ntchito. Kufufuta mzere m'chilengezo n'kosavuta. Bwana wochita intavyu, akakhala ndi makalata 300 patebulo ndipo alibe njira ina yoyezera luso, amabwerera ku pepala lomwe analizolowera. Kumene zatheka ndi kumene anakonza mayeso enieni a ntchito: wofunsirayo apatsidwe vuto longa lomwe azikumana nalo, ndipo onse afunsidwe mafunso ofanana, mayankho n'kumayezedwa ndi muyezo umodzi.

Makalata ochulukawo ndi omwe analowetsa makina m'ntchito yosankha anthu. Pulogalamu ya AI yotchedwa ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022, kulemba kalata yofunsira ntchito kunasanduka nkhani ya mphindi ziwiri. Munthu mmodzi amatha kufunsira ntchito makumi angapo usiku umodzi, kalata iliyonse yosalala bwino, yobwereza mawu enieni a m'chilengezo. Kumbali inayo, pulogalamu ndi yomwe ikusefa. Kalata yolembedwa ndi makina ikuwerengedwa ndi makina, ndipo munthu weniweni, wodziwa ntchito koma wosadziwa mawu omwe sefayo ikufuna, amagwa asanaonedwe ndi diso la munthu. Ngozi ina inaonekera pa Amazon. Mu 2018 kampani yofalitsa nkhani ya Reuters inaulula kuti kampaniyi inasiya pulogalamu yomwe inkayesera yosankhira ma CV, itazindikira kuti inkapondereza akazi. Inaphunzitsidwa ndi ma CV a zaka 10, ambiri a amuna, ndiye inkachotsera mapointi CV yotchula, mwachitsanzo, kuti mwini wake anatsogolera kalabu ya chess ya akazi. Makinawo sanapeke tsankho, anangoliphunzira m'mabuku akale a kampani. Mzinda wa New York unayamba mu Julayi 2023 kukakamiza kuti mapulogalamu oterewa aziunikidwa ngati alibe tsankho, ndipo lamulo la European Union la AI, lomwe linayamba mu Ogasiti 2024, linaika kulemba anthu ntchito m'gulu la zinthu zoopsa kwambiri zofunika kuyang'aniridwa.

Koma chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri si kusefa makalata. Ndi ntchito za ongoyamba kumene. Taonani zimene loya wachinyamata amachita chaka chake choyamba: kuwerenga mulu wa makontirakiti posaka ndime imodzi, kufupikitsa zigamulo zakale, kulemba kalata yoyamba yomwe wamkulu adzaidule ndi cholembera chofiira. Wa ku akaunti amayamba ndi kufananitsa malisiti ndi zomwe zili ku banki. Wolemba mapulogalamu amayamba ndi kukonza tizolakwika ting'onoting'ono. Izi ndi ntchito zomwe AI ikutha kuchita mwachangu, ndipo poyang'ana bajeti ya chaka chino, kusalemba achinyamata asanu kumaoneka kwanzeru. Koma ntchito zotopetsazi ndi momwe munthu amaphunzirira kununkhiza kontirakiti yoipa asanafike pa tsamba lachitatu. Wamkulu amene lero akutha kuona kuti yankho la makina lasokonekera, akutha chifukwa anachitapo ntchitoyo ndi manja kambirimbiri. Kampani yoleka kulemba achinyamata ikudya mbewu. Njala yake sioneka chaka chino, idzaoneka pakatha zaka 7 kapena 10, akuluakulu atapuma, pakati palibe munthu. Ndipo makampani onse akachita zomwezo poganiza kuti adzagula odziwa kale kwa anzawo, odziwa kalewo sadzapezeka kulikonse. Yankho si kukana makina. Ndi kukonzanso ntchito ya woyamba mwadala, kuti aziunika zomwe makina alemba ali pambali pa wamkulu, azikumana ndi makasitomala msanga, ndipo ndalama zomuphunzitsira zilembedwe m'bajeti monga momwe zimalembedwera za makompyuta.

Njira yobwereka anthu, ya maganyu ndi makontirakiti afupiafupi, imakopa chifukwa kampani imakula ndi kuchepa popanda kulipira penshoni kapena tchuthi. Pa ntchito ya nyengo kapena luso lofunika kamodzi pa chaka, ndi njira yoyenera. Koma makhoti ayamba kuyang'ana zochitika osati dzina lolembedwa pa pepala. Mu Febuluwale 2021 khoti lalikulu la ku United Kingdom linagamula kuti madalaivala a Uber, kampani ya matakisi oitanitsa pa foni, omwe anakasuma ndi antchito oyenera malipiro osachepera mlingo wa boma komanso tchuthi cholipidwa, poona kuti kampani ndi yomwe inkaika mitengo ndi kuwalamulira kagwiridwe. Wolinganiza antchito amene wamanga dongosolo lake lonse pa kutchipa kwa aganyu akhoza kudzuka tsiku lina mtengo utasintha. Ndipo waganyu akamaliza amanyamula zonse zomwe waphunzira.

Za mlungu wa masiku anayi ndingonena mwachidule. Ku United Kingdom makampani 61 okhala ndi antchito pafupifupi 2,900 anayesa kuyambira Juni mpaka Disembala 2022, malipiro osadulidwa, ndipo 56 anapitiriza. Zimatheka kumene nthawi yambiri inkathera m'misonkhano yosafunika. Pamene pamafunika munthu pamalo usana ndi usiku, kuchepetsa maola kumatanthauza kulemba anthu owonjezera, ndipo masamu ake ndi ena.

Kusintha komwe kukuyenda pang'onopang'ono kuposa konse, komanso kosabwezeka, ndi kwa zaka za anthu. Ku Japan pafupifupi 29 peresenti ya anthu ali ndi zaka 65 kapena kuposa, ndipo kuyambira mu 2021 lamulo limapempha makampani kuyesetsa kupereka mwayi wa ntchito mpaka zaka 70. Germany inayamba lamulo lokopa antchito aluso ochokera kunja mu Malichi 2020, ndipo mu Juni 2024 inawonjezera chiphaso cholola munthu kulowa m'dzikomo kukasaka ntchito. Apa wolinganiza antchito alibe chowiringula, chifukwa zaka za munthu aliyense zili m'faelo yake, ndipo amene adzalowe ntchito zaka 18 zikubwerazi anabadwa kale.

Mayiko okalambawa akamasowa anthu, amakawatenga kumene kuli achinyamata, ndipo dongosolo la mmodzi limasanduka vuto la mnzake. Pa zaumoyo zikuoneka poyera. Mu 2023 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatchula mayiko 55 omwe antchito awo azaumoyo ndi ochepa kwambiri, 37 mwa iwo a m'chigawo cha Africa, n'kulangiza kuti mayiko ena asamapite kukakopako anthu mwachindunji. Koma malangizowo saletsa namwino kufunsira yekha ntchito kunja, ndipo ndi ufulu wake. Namwino amatenga zaka zitatu kapena zinayi kusukulu, dokotala wodziwa mwapadera za matenda amodzi amadutsa zaka 10 asanaime payekha. Unduna kapena chipatala chomwe chimawerenga ongomaliza sukulu okha, osawerenga omwe akulemba mayeso a chiyankhulo ndi kukonza mapasipoti, chimakhala ndi manambala okongola pa pepala koma mawodi opanda anthu. Mayiko ena ayamba kusaina mapangano akuti dziko lotenga anamwino lizithandiza kulipira maphunziro a ena m'dziko lomwe achokera. Ngakhale pangano lotere litasainidwa lero, kalasi yoyamba yolipiridwa ndi ndalamazo idzafika m'wodi patatha zaka zosachepera zitatu, ndipo m'zaka zimenezo mashifiti a usiku ayenera kugawidwabe kwa omwe atsala.